Foda ya Akamwini

Mausi ya kompyuta ya amalume inali ndi kampira pansi pake. Fumbi la pa Boma likalowa, kampirako kankakana kuzungulira, ndipo kamuvi ka pa sikirini kankangonjenjemera pamalo amodzi. Amalume ankaigoneka mausiyo chagada, n'kutulutsa kampira kaja, n'kumapala litsiro ndi kamtengo ka machesi, lilime atalitulutsa pang'ono. Ine ntchito yanga inali yogwira kampirako kuti kasagubuduke n'kulowa pansi pa kabati. Kanali kolemera kuposa mmene kankaonekera, ndiponso kozizira. Ndikakumbukira chisanu cha chaka chimene amayi anamwalira, choyamba kubwera m'mutu si maliro ayi, koma kampira kameneka kali m'dzanja langa.

Amayi anatisiya chimanga chitauma m'munda, anthu asanayambe kukolola. Ndinali ku pulayimale, ndipo mwana m'nyumbamo ndinali ndekha. Tinkakhala kumudzi kwa amayi, kumapiri a kwa Kanduku, chifukwa kwathu mwamuna ndiye amasamukira kwa mkazi. Abambo anali mkamwini. Anachokera kutsidya kwa malire, ku Mozambique, ali mnyamata, ndipo ngakhale Chichewa ankachilankhula ngati wina aliyense, pothokoza ankati “ndatenda” monga amanenera kwawo. Anamanga nyumba pa malo a amayi, anabzala mitengo ya manachesi kuseri kwake, anthu n'kumawaseka kuti mkamwini wanzeru sabzala mtengo.

Titameta maliro, akuluakulu anagwirizana kuti ine ndipite pa Boma kwa amalume, mlongo wawo wa amayi, amene anali mwini mbumba yathu. Abambo anauzidwa kuti atsale pakhomo mpaka manachesi atatha, kenako kudzakhala mwambo wosudzula. Palibe anandifotokozera mawu amenewa. Ndinawamvetsa tsiku lina akazi awo a amalume akucheza ndi mnzawo pochapa, osadziwa kuti ndili kuseri kwa mpanda. “Akasudzulidwa basi, abwerera kwawo,” anatero. “Mwanayo ngwathu, atsala.” Kuyambira tsiku limenelo ndinkadzuka ndi mantha ndi kugona nawo. Amayi anali atapita, ndipo tsopano abambo nawonso anali ndi nthawi yawo yopitira, yoyezedwa ndi zipatso za mu mtengo.

Amalume anali wojambula zithunzi. Situdiyo yawo inali kachipinda kamodzi pafupi ndi msika, kokhala ndi chinsalu pakhoma chojambulidwa nyumba zosanjikizana zimene ku Mwanza kunalibe. Munkanunkha inki ya pulinta ndi makoko a manachesi. Mathiraki opita ku malire akamadutsa, tebulo linkanjenjemera ndipo zithunzi za pa sikirini zinkavina. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala mmenemo pa kampando ka pakona, chifukwa kunyumba kunali ana ambiri ndi phokoso, ndipo ine masiku amenewo phokoso linkandipweteka.

Amalume ankajambula maukwati, zinkhoswe, ubatizo, ana obadwa kumene, ndi anthu ofuna zithunzi za pasipoti. Zonse ankazisunga mu kompyuta, koma kasanjidwe kawo kanali kawokawo. Munthu akabwera kudzafuna chithunzi chakale, samamufunsa tsiku, samamufunsa ngakhale dzina. “Kwanu n'kuti? Amayi anu ndani? Nanga agogo anu aakazi?” Akayankhidwa, ankadina apa, kudina apo, chithunzi n'kutulukira. Lero ndimagwira ntchito pa kompyuta kuyambira m'mawa mpaka madzulo mu ofesi ina ku Blantyre, ndaona anthu osanja zinthu mwa chaka, mwa zilembo, ndi ena ongounjika zonse pamalo amodzi, koma wosanja mwa mbumba ndinaona amalume okha.

Amene anandilowetsa mkati mwa zimenezi anali aphunzitsi a kalasi yanga. Kusukulu kunalibe magetsi, choncho Loweruka ankabwera ku situdiyo kudzataipa mafunso a mayeso, amalume atapita kokajambula ukwati. Anali mayi wamtali, wosaseka wamba, wa zala zouma ndi choko. Loweruka loyamba sanandilankhule. Lachiwiri anatembenuka mwadzidzidzi n'kunena kuti maso anga akuwaboola msana, kuli bwino ndikoke mpando ndione zenizeni.

Anatseka mayeso awo n'kutsegula windo logawika pawiri. “Tinthu tachikasuti ndi mafoda,” anatero. “Foda ndi thumba. M'thumba mutha kukhala thumba lina, m'menemonso lina. Chithunzi kapena chikalata ndi fayilo. Fayilo iliyonse ili ndi dzina lake ndi malo ake.” Kumanzere kunali mndandanda wa mafoda, iliyonse ili ndi kamtanda pambali. Ukadina kamtandako, foda inkatseguka n'kuonetsa ana ake pansi, atalowa mkati pang'ono. Kumanja kunkaoneka zimene zili mu foda imene wasankha. Pamwamba panali kamzere kolemba njira yonse imene wayenda kuti ufike pamenepo. Aphunzitsi ankakonda kamzere kameneko. Ankati munthu wowerenga pamenepo sasochera, ndipo kompyuta siitaya chinthu, ndife timaiwala pamene tachiika.

Masabata otsatira anandiphunzitsa kupanga foda yanga, kusintha dzina la fayilo, ndi kusiyana kwa kukopera ndi kusuntha. Ukakopera, chinthu chimakhala konse kuwiri. Ukadula n'kukamata kwina, chimachoka kumene chinali. Anandionetsanso bini, kumene zofufutidwa zimakadikira kuti mwina mwini wake asinthe maganizo. Ndinkaphunzira ndi njala imene aphunzitsi sanaionepo mwa ine pa masamu. Iwo ankaganiza kuti apeza mwana wa luso. Zoona zake n'zakuti ndinali nditapeza malo amodzi padziko pamene chinthu chikachoka umatha kudziwa kumene chapita.

Tsiku lina ndinatsata njira ya kwathu. Ndinadina Kanduku, kenako dzina la mudzi wathu, kenako dzina la agogo aakazi amene anamwalira ine ndili wakhanda. Mbumba yonse inali mmenemo. Amalume ali ndi tsitsi lambiri, amayi aang'ono atanyamula mtsuko mwamanyazi, asuweni anga, ine ndili kumsana. Zithunzi za amayi zinali zochepa, ndipo pafupifupi zonse anali m'gulu la anthu, nkhope ili kutali. Chimodzi chokha anali okha. Anali atakhala pa khonde la nyumba yathu, akusenda chinangwa, akuseka ndi munthu wina amene sankaoneka. Mpata wa m'mano awo akutsogolo unkaoneka bwinobwino. Ndinachiyang'ana mpaka maso anachita kuwawa.

Abambo munalibe. Ndinabwerera m'mwamba, ndinatsikanso, ndinawerenga kamzere kaja kuti mwina ndasochera. Kenako ndinaona foda ina pansi penipeni pa mudzi wathu, kunja kwa mbumba zonse, yolembedwa kuti Akamwini. Munali amuna a m'mudzimo amene ndinkawadziwa onse, osakanizidwa ngati nyemba za pamsika. Abambo anali pakati pawo, ataima pambali pa njinga yawo, dengu la manachesi lili kumbuyo, maso atatsinzina pang'ono ndi dzuwa.

Madzulo ake ndinafunsa amalume chifukwa chake. Sanakwiye, anangoseka. “Awa amabwera n'kupita, iwe. Ukawaika mkati, mawa uvutika kuwatulutsa.” Anatsegula mudzi wa akazi awo n'kundionetsa nkhope yawo yomwe ili mu foda yotero. “Ukuona? Nanenso ndine mlendo kwinakwake. Mlendo ndi mame.” Sankanena mwankhanza, ndipo ndikufuna zimenezi zimveke, chifukwa amalume anandilera bwino ndipo anandiphunzitsa mpaka pamene ndinafika. Ankangonena dziko mmene analipezera. Koma kwa mwana wamasiye, zimene ananenazo zinamveka mwina. Ndinaganiza kuti ndapeza pamene vuto lagona. Abambo ankachoka chifukwa anaikidwa malo olakwika.

Abambo ankabwera pa Boma masiku a msika, atamanga madengu awiri pa njinga, kudzagulitsa manachesi kwa madalaivala a mathiraki. Akamaliza ankadutsa ku situdiyo, koma sankalowa. Ankaima pakhomo chipewa chili m'manja, n'kundiitana kuti “mayi”, n'kunditulutsira manachesi a masamba ake amene anandipatulira. Anali ataonda. Malaya awo ankaoneka kuti achapidwa ndi munthu wosazolowera kuchapa, sopo atauma m'kolala. Amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, amene banja lawo linali litatha kalekale, anali atauzidwa kuti azisamalira pakhomo pathu. Amalume ankadandaula nazo. “Alamu, bwanji simukulola kuti azikuchapirani?” Abambo ankayankha kuti, “Manja ndili nawo, alamu.” Ine ndinkaseka, poganiza kuti ndi nthabwala za akuluakulu.

Nthawi iliyonse ndinkasuzumira m'madengu ndi kufunsa ngati mitengo ikadali ndi zipatso. Poyamba ankati zilipo zambiri. Kenako anayamba kunena kuti zatsala za m'mwamba.

Loweruka limenelo kunali mphepo yozizira yolowa ndi pansi pa chitseko. Aphunzitsi atamaliza kutaipa anandisiyira mpando, iwo n'kukhala pambali akuwerenga mapepala awo. Ndinapita ku Akamwini, ndinasankha abambo, ndinadula. Chithunzicho chinazilala pang'ono, monga zimachitira zikakhala paulendo. Ndinatsegula foda ya agogo n'kumata. Ndinkayembekeza kuti alowa mwakachetechete, koma panatulukira kabokosi ka mawu a Chingerezi, kali ndi mabatani pansi. Chingerezi changa chinali chongokwanira kudziwa batani lovomera. Chala chinali chitayamba kale kutsika pamene aphunzitsi anandigwira pamkono mwamphamvu mpaka mausi inagwa n'kulendewera pa chingwe chake.

“Safunsa anadya phula,” anatero. “Werenga kaye.”

Sindinathe kuwerenga, ndiye anandimasulira. Kamera sidziwa anthu, imangopereka manambala. Amalume akafufuta khadi la mu kamera, manambala aja ankayambiranso poyamba. Chithunzi cha abambo chinali ndi dzina lofanana ndendende ndi chithunzi china chimene chinali kale mu foda ya agogo, ndipo mafayilo awiri a dzina limodzi sangakhale mu foda imodzi. Kompyuta inali kufunsa ngati chatsopanochi chilowe m'malo mwa chakalecho. Aphunzitsi anakana m'malo mwanga, kenako anafufuza nambala ija kuti tione chimene chikanachoka. Anali amayi pa khonde, akusenda chinangwa.

“Ukanavomera, sakanapita ngakhale ku bini,” anatero motsitsa mawu. “Akanangotheratu.”

Ndinalira kulira kumene sindinalire ngakhale kumanda, kokhala ndi ntchofu ndi kubanika, ndipo aphunzitsi sanandiletse. Anatola mausi, anaipukuta ndi chitenje chawo, n'kudikira. Nditapuma ndinafunsa ngati ndiye kuti abambo sangalowe. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndikukhulupirira kuti pamenepo m'pamene anazindikira chimene ndinkachita masabata onse aja.

“Angalowe,” anatero. “Apatse dzina.”

Ndinabwerera ku Akamwini n'kusankha posinthira dzina. Manambala aja anadetsedwa, kudikira kuti ndilembe. Apa ndinaima, chifukwa dzina lenileni la abambo ndinali ndisanalitchulepo chibadwire, ndipo amayi omwe sindinawamvepo akulitchula. Kulilemba kunandichititsa manyazi ngati kuwaona akusamba. Ndinasakasaka zilembo ndi chala chimodzi n'kulemba kuti abambo. Ndinadulanso, ndinamatanso, ndipo ulendo uno kompyuta sinafunse kanthu. Popeza imasanja motsata zilembo, ndipo manambala a kamera aja onse anali ndi chilembo D kutsogolo, inawaika pamwamba penipeni, kutsogolo kwa mbumba yonse, pamene mkamwini sanakhalepo chiyambire.

Aphunzitsi anafunsa ngati amalume akudziwa. Ndinapukusa mutu. Anatsegula pakamwa ngati akufuna kunena zina, koma anangosonkhanitsa mapepala awo n'kunena kuti ndizimitse bwino kompyuta ndisanachoke. Ndakhala ndikuwaimba mlandu mumtima zaka zina, zaka zina n'kumawathokoza. Akanatha kundiuza tsiku lomwelo kuti za mu kompyuta n'za mu kompyuta. Anasankha kundisiyira masabata ochepa a mtendere, ndipo analidi a mtendere. Ndinayamba kudya bwino. Ndinasewera fulaye ndi anzanga kwa nthawi yoyamba chimwalirire amayi. Tsiku lililonse ndikaweruka ndinkapempha kugwira mausi kamphindi, n'kuona kuti abambo akadali pamalo pawo, n'kutseka msangamsanga.

Manachesi anatha. Mphepo inasintha, kunayamba kutentha masana, akamvuluvulu n'kumanyamula mapepala pamsika. Amalume anapita kumudzi ndi akazi awo ku bwalo la mwambo wosudzula uja n'kukagona komweko, ine anandisiya ndi ana anzanga. Sindinade nkhawa kwenikweni, chifukwa ndinkadziwa chinthu chimene akuluakuluwo sankachidziwa.

M'mawa mwake amalume anabwerera, ndipo dzuwa lisanafike pamutu abambo anatulukira. Pa njinga panalibe madengu. Panali chikwama chomangidwa ndi mphira, khasu lopanda mpini, ndi bulangete lopindidwa. Anavala jekete imene anavala pa maliro. Anaimika njinga, anavula chipewa, ndipo kwa nthawi yoyamba analowa mu situdiyo n'kukhala pa benchi ya makasitomala.

Anapempha zithunzi ziwiri zoti anyamule, cha amayi ndi changa. Amalume anavomera ndi mutu, n'kunena kuti atsukanso cha abambowo kuti mwana azikhala nacho. Anatsegula Akamwini. Anayang'ana, anatsika, anakwera. Anatsegula bini. Anayamba kutuluka thukuta pamphuno, akung'ung'udza kuti iwo chinthu sataya.

“Ali kwathu,” ndinatero.

Amalume anatembenuka, osamvetsa. Ndinatenga mausi m'dzanja lawo, chinthu chimene tsiku lina lililonse chikanandipezetsa khofi, n'kutsegula foda ya agogo. Abambo anadzuka pa benchi n'kuwerama pa sikirini. Sukulu sanapite nayo patali, koma mawu akuti abambo, amene anali pa chithunzi chawo, ankawadziwa. Anawawerenga milomo ikuyenda. Thiraki inadutsa panja, tebulo linanjenjemera.

“Walemba ndani?” anafunsa abambo.

“Ine. Tsopano simupita. Malo ndakukonzerani.”

Amalume anavula magalasi awo n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya, ndipo anawapukuta nthawi yaitali kwambiri. Kenako analankhula osayang'ana munthu. “Alamu, mwamumva mwanayu. Mawu a dzulo aja akadalipo. Sitinatseke khomo.”

Ndinadziwa kuti zatheka. Mwini mbumba yekha anali atanena ndi pakamwa pake kuti khomo n'lotsegula. Ndinayang'ana abambo, kudikira kuti akamasule chikwama chija.

“Ndatenda, alamu,” anatero abambo. “Koma yankho langa ndi lomwe lija.”

Pulinta inayamba kulira, ikukoka pepala pang'onopang'ono. Nkhope ya amayi inatuluka kuyambira ku mpango mpaka ku chinangwa, kenako yanga. Abambo anadikira kuti inki iume, akuuzira ndi pakamwa, n'kuzikulunga mu pepala la pulasitiki n'kuziika mkati mwa malaya. Anagwada kutsogolo kwanga. Maso awo anali ofiira. “Mayi, uzimvera amalume. Sukulu usasiye. Ndizibwera.” Anatambasula dzanja, koma ine ndinabisa manja anga kumbuyo n'kutembenukira kukhoma. Ndinamva akudzuka, mawondo akulira. Ndinamva sitandi ya njinga, kenako tcheni. Amalume anawaperekeza mpaka kumsewu, ine sindinafike ngakhale pakhomo.

Abambo anabweradi, chaka ndi chaka, kuwoloka malire pa njinga yomweyo. Ndinkawalonjera mwaulemu, kuwapatsa madzi, kuyankha mafunso awo a sukulu, mtima nditaumanga. Amalume chithunzi chija sanachibweze ku Akamwini, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso.

Ndinamva zonse ndili wamkulu, pa chinkhoswe changa, amayi aang'ono akundimanga mpango m'chipinda. Anazinena mopepuka, poganiza kuti ndinazidziwa kale. Pa bwalo lija akuluakulu anauza abambo kuti atha kutsala, munda, mitengo, nyumba ndi mwana zonse zikhale zawo, bola akwatire amayi aang'onowo kuti nyumba ya malemu isazime moto. Abambo anapempha kuti angokhala okha azilera mwana, koma anauzidwa kuti mwamuna wopanda mkazi m'mudzi wa eni sakhalitsa osabweretsa milandu. Anapempha kuti anditenge, amalume anakana, chifukwa cha mbumba ndiponso chifukwa cha sukulu. “Ndiye analira pamaso pa anthu onse,” anatero amayi aang'ono, akukoka mfundo ya mpango. “Anati nyumba ija ili ndi mwini wake, ngakhale ali kumanda. Ine sindinakhumudwe, mwanawe. Ndinangochita nsanje ndi achemwali anga.”

Pamene ndinkamva zimenezi abambo anali panja, pansi pa mtengo, imvi zili mbuu, atakhala kumbali ya alendo. Ndinatuluka mpango usanamangidwe bwino n'kukagwada pamaso pawo, anthu akudabwa kuti mwambo umenewu ngwakuti, ndipo ndinawagwira dzanja ndi manja anga onse awiri.

Koma mwana uja wa mu situdiyo sankadziwa chilichonse cha izi. Anamva ndi makutu ake abambo ake akupatsidwa malo, anawamvanso akuwakana, ndipo anaima moyang'ana kukhoma akutsimikiza mumtima kuti sakufunidwa. Sakanatha kumvetsa kuti munthu angasiye munda, mitengo ndi mwana wake yemwe, n'kukwera njinga akulira, chifukwa chokana kuika mkazi wina pa mphasa ya amayi ake a mwanayo.